Funsani Tikuyankheni: Mmene Aroma Anakunthirana ndi Mafumu a Agiriki ndi Aperisi

Mwezi uno makalata ambiri achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo angapo akuzungulira pa nkhani imodzi, ya nkhondo zamakedzana za Aroma ndi mafumu a kum'mawa. Nde ndangowaika pamodzi, ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Akonzi, ine ndi mkulu wa mpingo wa Seventh Day kuno ku Makwasa. Pa Danieli 8 timawerenga za tonde amene anagunda nkhosa yamphongo, kenako nyanga yake yaikulu inathyoka nkumera zina zinayi. Baibulo lanena lokha kuti tondeyo ndi mfumu ya Agiriki. Koma zinayizo ndi ndani, ndipo zinatheka bwanji kuti pofika nthawi ya Yesu olamula akhale Aroma osati Agirikiwo? (Mkulu wa mpingo, Makwasa)

YANKHO: Bambo, nyanga yaikuluyo palibe amene amatsutsa, ndi Alexander wa ku Macedonia, mnyamata amene anamukuntha Darius III mfumu ya Persia ku Issus mu 333 BC nkudzamumaliza ku Gaugamela mu 331 BC. Anafika mpaka ku India. Koma anafera ku Babylon mu 323 BC ali ndi zaka 32 zokha, mkazi wake Roxana ali woyembekezera, wolowa m'malo osaoneka. Zomwe zinachitika pamenepo nzomwe timaziona pamudzi bambo wachuma akamwalira osasiya wilu, maliro asanaikidwe achibale ayamba kale kukanganirana malata ndi njinga. Akuluakulu a asilikali ake anang'ambirana dziko, ndipo mmodzi, Ptolemy, anachita kulanda maliro enieniwo ali panjira nkupita nawo ku Egypt. Mwana amene Roxana anabereka uja anaphedwa pamodzi ndi mayi ake molamula Cassander.

Mayina anayi amene omasulira ambiri amatchula ndi Ptolemy, Seleucus, Cassander ndi Lysimachus, chifukwa ndi amene anagawana zinthu itatha nkhondo ya ku Ipsus mu 301 BC. Koma musaganize kuti anakhala pansi nkumvana, ayi, anamenyana zaka pafupifupi 40, ndipo mabanja amene anatsala olimba anali atatu, la Ptolemy ku Egypt, la Seleucus kuchokera ku Syria mpaka ku Iran, ndi la Antigonus ku Macedonia.

Nde Aroma analowamo bwanji? Ine mmene ndimaionera nkhaniyi, Aroma sanachite kuthyola chitseko, anachita kuitanidwa. Mafumuwa ankadana okhaokha kuposa mmene ankaopera mlendo. Ufumu wa Pergamon ndi chilumba cha Rhodes ndi amene anapita ku Roma kukadandaula za Philip V wa ku Macedonia, Aroma anabwera nkumugonjetsa ku Cynoscephalae mu 197 BC. Eumenes II, mfumu ya ku Pergamon komweko, anaima mbali ya Aroma pomenyana ndi Antiochus III wa banja la Seleucus ku Magnesia cha kumapeto kwa 190 BC. Ndipo mu 133 BC mfumu yomaliza ya Pergamon, Attalus III, inangolemba mu wilu kuti ufumu wonse ndausiyira Aroma, basi.

Chachiwiri ndi kamenyedwe. Agiriki ankaima mothithikana mizere 16, aliyense atagwira mkondo wotalika mamita 5 kapena 6, ukawadzera kumaso pamalo athyathyathya sungawafike. Koma malo akakhala a zitunda ndi zigwa mzere uja umang'ambika, nde msilikali wa Roma ndi chishango chake chachikulu ndi lupanga lalifupi amalowa pampata pomwepo, munthu wa mkondo wa mamita 6 alibe potembenukira. Zinachitika choncho ku Cynoscephalae, zinachitikanso ku Pydna mu 168 BC pomwe Perseus mwana wa Philip analuza ufumu wonse pa nkhondo imene akuti inatenga ola limodzi lokha.

Koma chachikulu kwa ine ndi ichi. Mfumu ya Chigiriki inali ndi gulu limodzi la asilikali ophunzitsidwa bwino, ambiri olipidwa, likatha limenelo zatha, mfumu isaine basi. Aroma anali ndi anthu osatha, alimi a mu Italy yense. Hannibal, mkulu wa asilikali a ku Carthage, anawaphera anthu oposa 45,000 tsiku limodzi ku Cannae mu 216 BC, iwo osagonja, chaka chotsatira ali pabwalo ndi asilikali ena. Antiochus III yemwe ankatchedwa Wamkulu analuza ku Magnesia kamodzi komweko nkusaina pangano la ku Apamea mu 188 BC, chindapusa chake matalente 15,000 a siliva, ndiye kuti matani pafupifupi 390, kusiya njovu zonse, kusiya zombo zankhondo kupatula zochepa, komanso mwana wake kupita ku Roma ngati chikole. Chaka chotsatira mdalayu anaphedwa ku Elymais akufuna kulanda chuma cha m'kachisi.

Mwana wachikoleyo ndi amene anadzakhala Antiochus IV. Za kanyanga kakang'ono ka pa vesi 9 ndikudziwa kuti kumpingo kwanu mumaphunzitsa kuti ndi Roma, pomwe akatswiri ena ambiri a Baibulo amati ndi Antiochus ameneyu, imeneyo ndikusiyirani eni ake, ine ndingokuuzani zomwe mkuluyu anakumana nazo. Mu 168 BC anali pafupi kulanda Egypt, ali kunja kwa Alexandria ndi asilikali ake, kunabwera kazembe wa Roma dzina lake Popillius Laenas ndi kalata yochokera ku Senate, bwalo la akuluakulu a Roma, yoti atuluke mu Egypt. Antiochus anati ndikambirane kaye ndi nduna zanga. Popillius anatenga ndodo nkulemba mzere pansi kuzungulira mfumuyo, nkuti muyankhe musanatuluke mmenemu. Mfumu yathunthu, asilikali ake ali pomwepo akuona, inavomera nkubwerera kwawo. Ambiri amati ndi zimenezi zomwe Danieli 11:30 akunena pa zombo za ku Kitimu. Chaka chotsatira anadetsa kachisi wa ku Jerusalem, Ayuda anaukira motsogozedwa ndi banja la Amakabeo, ndipo mu 164 BC anamuyeretsanso kachisiyo, nde chiyambi cha phwando limene likutchulidwa pa Yohane 10:22.

Zotsalazo zinangoyenda mwachangu. Pompey, mkulu wa asilikali a Roma, anathetsa ufumu wa banja la Seleucus mu 64 BC, analowa mu Jerusalem mu 63 BC, ndipo Cleopatra, womaliza wa banja la Ptolemy, anadzipha mu 30 BC atagonja kwa Octavian, yemwe ndi Augustus uja wa kalembera pa Luka 2.

FUNSO: Ine ndimapalasa kabaza pa Limbuli. Tinaonera filimu mu vidiyo sho ya anthu akumenya nkhondo atakwera njovu, nde anzanga akuti nzopeka, njovu singakwereke kkkk. Ngati nzoona, njovuzo ankazitenga kuno ku Africa? Nanga munthu wokhala ndi njovu amaluza bwanji? (Wakabaza, Limbuli)

YANKHO: Amwene, auzeni anzanuwo kuti si zopeka. Zambiri zinali za ku India, Seleucus yekha analandira njovu 500 kuchokera kwa mfumu Chandragupta posinthana ndi madera a kum'mawa, ndipo ndi zimenezo zinamuthandiza kupambana ku Ipsus. A ku Egypt poti njira ya ku India inali yotsekeka ankakagwira zawo m'mbali mwa Red Sea, komwe lero kuli Sudan ndi Eritrea. Mu 217 BC ku Raphia, pafupi ndi Gaza, mitundu iwiriyi inakumana, za ku Africa 73 ndi za ku India 102, ndipo wolemba mbiri Polybius akuti za ku Africa zambiri zinachita mantha nkuthawa, ngakhale nkhondoyo anapambanabe a ku Egypt.

Aroma anaziona koyamba mu 280 BC pomwe Pyrrhus mfumu ya ku Epirus anaoloka nazo 20 kupita ku Italy. Mahatchi a Aroma anabalalika ndi fungo lokhalo. Pyrrhus anapambana ku Heraclea, anapambananso ku Asculum mu 279 BC, koma anthu ake abwino anatha moti ananena yekha kuti akapambananso kamodzi chonchi ndiye kuti watheratu.

Vuto la njovu nlakuti ikavulala kapena ikachita mantha sidziwa kuti uyu ndi mbuye wanga. Ku Beneventum mu 275 BC Aroma anazilasa mpaka zinatembenuka nkuponda anthu a Pyrrhus yemweyo. Ku Magnesia Antiochus III anaziika pakati pa mizere ya asilikali ake, zitalusa zinaphwasula mizereyo mkati. Buku la 1 Amakabeo limati anali nazo 120, wolemba wa Chiroma Livy amati 54, ine ndimakhulupirira chiwerengero chochepacho, nkhani za nkhondo zimakula zikamayenda. Komabe Aroma ankaziopa, chifukwa mu 162 BC anatumiza kazembe Gnaeus Octavius ku Syria kukadula mitsempha ya kumiyendo njovu zonse za mfumu, anthu zinawapweteka mtima moti munthu wina anamupha kazembeyo ku Laodicea.

Pyrrhus uja mapeto ake ndi omvetsa chisoni pang'ono. Mu 272 BC akumenyana m'tinjira ta mumzinda wa Argos, njovu yake ina itagwa nkutseka chipata, mayi wina wachikulire ali padenga anaona mwana wake akulimbana ndi mfumuyo, anatenga phale la padenga nkumugenda nalo pakhosi. Anagwa pahatchi, anamudula mutu pomwepo.

FUNSO: Ndinamva pa wayilesi kuti kunali mfumu ina inkamwa poizoni pang'ono tsiku lililonse kuti adani asadzaiphe. Inali mfumu yanji, ndipo zimathekadi? Ndimagulitsa nanazi pa Chitakale ndipo nsanje pamsika ndi yambiri. (Mayi wa geni, Chitakale)

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi chomalizacho, chonde musayese. Tameki, mankhwala opopera mbewu ndi ena otere thupi silizolowera, pang'ono pomwepo pamapha kapena kuononga chiwindi ndi impso mwakachetechete. Wina akamwa, thamangirani naye kuchipatala basi.

Mfumuyo ndi Mithridates VI wa ku Pontus, m'mbali mwa Black Sea, lero ndi Turkey. Pa mafumu onse amene tikukamba lero uyu ndi amene anawasowetsa tulo Aroma kwambiri, zaka zoposa 25. Ankanena kuti magazi ake ndi a mbali zonse ziwiri, a mafumu a Persia ngati Darius komanso a Agiriki a banja la Seleucus, nde kwa Agiriki ankadzionetsa ngati Alexander watsopano, kwa a kum'mawa ngati mwana wa Aperisi. Wolemba wa Chiroma Pliny analemba kuti ankayankhula zinenero 22. Bambo ake anaphedwa ndi poizoni paphwando iye ali mwana, mantha ake anachokera pamenepo, ndipo iye mwini sanali wofatsa, mayi ake anawatsekera, mchimwene wake anamupha.

Chimene anthu samachitchula kawirikawiri ndi chifukwa chomwe mizinda yambiri inamulandirira ndi manja awiri. Aroma ankagulitsa ntchito yotolera msonkho kwa anthu a bizinesi, iwowo ankafinya anthu kuti apeze phindu, wolephera kulipira ankapita kwa akatapira omwenso anali Aroma, mapeto ake munda kulandidwa, ana kugulitsidwa. Nde mu 88 BC Mithridates anatumiza uthenga wachinsinsi m'mizinda ngati Ephesus ndi Pergamon kuti pa tsiku limodzi aphe Mroma ndi munthu wa ku Italy aliyense, amuna, akazi ndi ana. Olemba akale amati anafa 80,000. Mithridates anamumwetsa kazembe wa Roma Manius Aquillius golide wosungunula. Ndi nkhanza zosaneneka, ndipo amene anadzalipira ndi anthu wamba omwewo, chifukwa Sulla, mkulu wa asilikali a Roma, atagonjetsa asilikali a Mithridates ku Greece mu 86 BC anagamula mizindayo chindapusa cha matalente 20,000, mizinda inakongola kwa akatapira aja, ndipo wolemba mbiri Plutarch akuti ndi chiongoladzanja ngongoleyo inafika 120,000 mpaka Lucullus, mkulu wina wa asilikali a Roma, anachita kulowererapo nkudula chiongoladzanjacho.

Mithridates uja Sulla anamumenya, Lucullus anamumenya, Pompey anamumenya, munthu osatha, akathawa amabweranso ndi gulu lina. Anamumaliza ndi mwana wake yemwe, Pharnaces, amene anamuukira ku Crimea mu 63 BC. Mdalayo ataona kuti zavuta anatulutsa poizoni, ana ake aakazi awiri anamwa nkufa pompo, iye anamwa osafa, mpaka anapempha msilikali wake dzina lake Bituitus kuti amubaye ndi lupanga. Nkhani ya kuzolowera poizoni imatchuka chifukwa cha tsiku limeneli, koma ganizirani kuti botolo lomwelo anali atagawana anthu atatu, ndipo iye anali chimunthu chachikulu.

FUNSO: Ndili ndi ming'oma ya njuchi cha ku Likhubula. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti uchi unagonjetsapo asilikali a Roma. Akundinamiza? (Mlimi wa njuchi, Likhubula)

YANKHO: Sakukunamizani bambo, ndipo ndi nkhondo yomweyi ya Mithridates. Kumapiri a ku Pontus kuli mitengo ya rhododendron, njuchi zikatenga timadzi ta maluwa ake uchiwo umaledzeretsa, munthu amasanza, mtima umagunda pang'onopang'ono, miyendo imafooka. Wolemba wakale Strabo analemba kuti anthu a kumapiriko anaika uchi wotere m'njira imene asilikali a Pompey ankadutsa, iwo anadya, atagwa eni dera anabwera nkupha magulu atatu. Zaka zoposa 300 izi zisanachitike asilikali a Chigiriki amene anali ndi Xenophon anaudyanso pafupi ndi Trabzon, iwowo mwayi panalibe mdani pafupi, anangogona ngati akufa nkudzuka mawa lake. Mitengo imeneyi si yachilengedwe kuno ku Africa, nde pitirizani kufula, makasitomala anu asaope.

FUNSO: Salaam. Ife pamsikiti timawerenga Surah Ar-Rum imene ikunena kuti Aroma agonjetsedwa koma adzapambananso patapita zaka zochepa. Anawagonjetsa ndani? Ine ndimaona ngati Aroma sankagonja. (Telala, Luchenza)

YANKHO: Waalaikum salaam achimwene. Anawagonjetsa ndi Aperisi, ndipo sikanali koyamba. Apa mpomwe nkhani imasiyana ndi ya Agiriki aja, chifukwa kum'mawa kwa mtsinje wa Euphrates Aroma anakanika kwa zaka pafupifupi 680.

Banja la Seleucus litafooka, Iran analanda ndi Aparti, omwe aja akutchulidwa pa Machitidwe 2:9. Mu 53 BC Crassus, munthu wolemera kwambiri mu Roma, amene anathana ndi Spartacus mtsogoleri wa akapolo oukira, anafuna naye ulemu wa nkhondo ngati anzake Pompey ndi Caesar. Anaoloka Euphrates ndi asilikali pafupifupi 40,000. Mfumu ya Armenia inamulangiza kuti adzere kumapiri komwe mahatchi sangathamange, iye anakana nkulowa m'chipululu. Pafupi ndi Carrhae, womwe ndi Harani uja anakhalako Abrahamu, anakumana ndi Surena, mkulu wa asilikali a Aparti, ali ndi okwera pamahatchi 10,000 okha, 9,000 a mauta ndi 1,000 ovala zitsulo munthu ndi hatchi yomwe. Aparti sanayandikire, ankangozungulira nkumalasa, Aroma akawathamangira iwo amathawa uku akulasa chakumbuyo. Crassus anati tidikire mivi iwathere, osadziwa kuti Surena wabwera ndi ngamila zodzaza mivi. Mwana wake Publius anatuluka ndi mahatchi kukawathamangitsa, posakhalitsa mutu wake unabwera uli pamkondo bambo ake akuona. Anafa pafupifupi 20,000, ogwidwa 10,000, Crassus naye anaphedwa pa zokambirana. Lupanga lalifupi lija linathyola Agiriki linalibe ntchito kwa mdani wosafuna kuima malo amodzi. Ndipo malipiro a Surena? Mfumu yake Orodes II inamupha chifukwa anatchuka kwambiri.

Mark Antony anayesa mu 36 BC, anabwerako ataluza anthu masauzande ambiri. Augustus poti anali wochenjera anangokambirana, mu 20 BC Aparti anamubwezera mbendera za Crassus, iye nkukondwerera kwawo ngati wapambana nkhondo. Si kuti Aroma sankapambanako, likulu la Aparti la Ctesiphon pafupi ndi Baghdad analilanda kangapo, Trajan mu 116 AD, Septimius Severus wobadwira ku Libya mu 198 AD, koma kulisunga kunkawakanika, mtunda unali wautali kwambiri ndipo mfumu ya kumeneko inkangosunthira kumapiri a Iran nkudikira kuti alendo atope.

Mu 224 AD ufumu unapita ku banja la Sasan, Aperisi enieni, ndipo awa anali aukali kuposa Aparti. Shapur I anagwira mfumu ya Roma yamoyo, Valerian, pafupi ndi Edessa mu 260 AD, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, ndipo anachijambula pathanthwe ku Naqsh-e Rostam, iye ali pahatchi atagwira Valerian pamkono, chithunzicho chilipo mpaka lero ku Iran. Valerian sanabwerere kwawo. Mfumu ina ya Roma, Julian, inafera kunkhondo komweko mu 363 AD.

Surah yanuyo ikunena za nkhondo yomaliza, ya 602 mpaka 628 AD, nthawi ya Mtumiki Muhammad. Aroma apa ndi a kum'mawa, likulu lawo Constantinople. Khosrow II mfumu ya Persia analanda Syria, analanda Jerusalem mu 614 nkutenga mtanda umene Akhristu ankaulemekeza, analanda Egypt, ndipo mu 626 asilikali ake anali kutsidya kwa Constantinople penipeni, aliyense ankaona ngati Roma yatha. Koma Heraclius mfumu ya Aroma mmalo moteteza pakhomo anazungulira kudzera ku Armenia nkukalowa mkati mwa dziko la mdani, anapambana ku Nineveh mu 627, ndipo chaka chotsatira Khosrow anaphedwa molamula mwana wake Kavad II. Malire anabwerera pomwe anali poyamba, mtanda uja unabwezedwa ku Jerusalem.

Onse awiri anatuluka mmenemo alibe ndalama, alibe asilikali, ku Persia mafumu ankangosinthana pampando. Nde Aluya atatuluka ku Arabia anagonjetsa Aroma ku Yarmouk mu 636, analanda Ctesiphon mu 637, Egypt inagwa pofika 642, ndipo mfumu yomaliza ya Persia, Yazdegerd III, inaphedwa ikuthawa pafupi ndi Merv mu 651. Aroma a kum'mawawo anataya Syria ndi Egypt koma Constantinople anadzaitaya komaliza mu 1453, pomwe anailanda Aturuki.